Makorali akudwala: mmene akatswiri amawayendera, ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza munda wanu

Mlimi amene sayendera munda wake amadzadziwa za ntchemberezandonda masamba a chimanga atatha kale. Anthu amene amayang'anira matanthwe a makorali m'nyanja zamchere ali pa ntchito yofanana ndi yanu, kungoti munda wawo uli pansi pa madzi ndipo ndi waukulu kuposa dziko la Malawi. Tsamba lino likufotokozerani kuti makorali n'chiyani, chimene chikuwapha, njira zimene amayezera thanzi lawo chaka ndi chaka, komanso zimene alimi a nzimbe ndi oweta ng'ombe a ku Australia anafunsidwa kusintha m'minda mwawo zotsatira za kuyezako zitatuluka. Chitsanzo chachikulu ndi malo otchedwa Great Barrier Reef, chifukwa ndi kumene kuli kaundula wa zaka zambiri, ndiponso ndi kumene mbali ya mlimi inafufuzidwa mozama.

Ku Malawi ndi ku Zambia kulibe makorali, chifukwa sakhala m'madzi opanda mchere. Apafupi ali m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean, ku Mozambique ndi ku Tanzania.

Korali n'chiyani?

Mukamuona pachithunzi mungati ndi mwala kapena chitsamba, koma korali ndi nyama. Ndi tinyama ting'onoting'ono tofewa, tambiri mwa ito tosaposa njere ya mapira, tokhala pamodzi zikwizikwi. Kalikonse kamadzimangira kachigoba kolimba kuchokera ku mchere wa m'madzi, ndipo zigobazi n'zopangidwa ndi zinthu zomwe zija zili mu laimu amene mumathira m'munda pofuna kuchepetsa asidi. Tinyama takale tikafa, tatsopano timamanga pamwamba pa zigoba zawo. Pakapita zaka mazana ndi zikwi, pamakhala thanthwe lalikulu lokhala ndi mapanga ndi ming'alu momwe nsomba zimabisala, kudya ndi kuswana.

Chinsinsi cha moyo wa korali chili m'thupi mwake. Mumakhala ndere zazing'ono kwambiri zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga amachitira masamba a mbewu. Chakudya chambiri cha korali chimachokera kwa ndere zimenezi, ndipo iye amazipatsa pokhala. Ngati munazulapo soya kapena mtedza n'kuona timibulu ta kumizu momwe mumakhala tizilombo tothandiza mbewu kupeza nayitrojeni, ubale wake ndi wa mtundu womwewo. Ndere zomwezi ndi zimene zimapatsa korali maonekedwe ake a bulauni kapena obiriwira.

Chifukwa ndere zimafuna dzuwa, makorali omanga matanthwe amakhala m'madzi osazama, oyera bwino ndi ofunda, makamaka pakati pa madigiri 23 ndi 29. Amakula pang'onopang'ono. Amene ali ngati chulu amakula pafupifupi sentimita imodzi pachaka, pomwe anthambi amatha kupitirira masentimita 10.

Matanthwewa satenga ngakhale gawo limodzi pa magawo 100 a pansi pa nyanja zonse, koma pafupifupi mtundu umodzi pa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja umadalira iwo. Amaswanso mafunde asanafike kumtunda, zimene zimateteza midzi ndi minda ya m'mbali mwa nyanja.

Kusuluka

Madzi akatentha kuposa mmene korali anazolowera, ubale uja umasokonekera ndipo korali amatulutsa ndere zake. Thupi limatsala loonekera mkati, chigoba choyera n'kumaonekera, ngati nsalu yosuluka. Pa Chingerezi amati coral bleaching. Kutentha kofunika kuti izi zichitike n'kochepa modabwitsa: digiri imodzi yokha pamwamba pa kutentha kwa mwezi wotentha kwambiri wa pamalopo, ikakhala kwa milungu ingapo, imakwanira.

Korali wosuluka sanafe, ali ndi njala. Madzi akazizira msanga, ndere zimabwerera ndipo amachira, ngakhale amakhala wofooka, wosachedwa kugwidwa ndi matenda, ndipo kubereka kwake kumachepa. Kutentha kukapitirira, amafa, ndipo zigoba zake zimakutidwa ndi ndere zina zazikulu zonga udzu. Thanthwe lomwe lawonongeka kwambiri limafuna zaka 10 mpaka 15 kuti makorali okula msanga abwerere, ndipo okula pang'onopang'ono amafuna zaka zambiri kuposa apo. Vuto la masiku ano ndi lakuti kusuluka kukubwera mowirikiza, thanthwe lisanachire.

Palinso vuto lina lachete. Nyanja imayamwa mpweya woipa wa carbon dioxide wochokera ku malasha, mafuta a galimoto ndi nkhalango zotenthedwa, ndipo madzi ake akunka nakhala ndi asidi wochulukirapo. Monga mukudziwa, asidi ndi laimu sizigwirizana. Korali amavutika kumanga chigoba m'madzi otere.

Mmene amayendera thanthwe

Great Barrier Reef ili kumpoto chakummawa kwa Australia, m'mphepete mwa chigawo cha Queensland. Ndi yotalika makilomita 2,300 ndipo ili ndi matanthwe pafupifupi 2,900. Malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1975 ndi aakulu masikweya kilomita 344,400, pafupifupi katatu kukula kwa Malawi. Palibe amene angathe kuona paliponse. Ndiye amachita zomwe mlangizi amakuphunzitsani poyendera chimanga: kusankha malo angapo, kuwerenga mosamala, kulemba, ndi kubwereranso pamalo omwewo.

Bungwe la boma la Australian Institute of Marine Science, mwachidule AIMS, lakhala likuchita zimenezi kuyambira mu 1985. Njira yawo yoyamba ndi yosavuta. Munthu wovala galasi losambirira amagwira thabwa lomangidwa ndi chingwe kumbuyo kwa boti, ndipo boti limamukoka pang'onopang'ono mozungulira thanthwe. Pakatha mphindi ziwiri boti limaima, iye n'kulemba zomwe waona: gawo la pansi lomwe lakutidwa ndi makorali amoyo, kuchuluka kwa osuluka ndi akufa, ndi nyama zowononga zimene wawerenga. Kenako amapitiriza. Njirayi siona zinthu zazing'ono, koma imafikira malo aakulu pa tsiku limodzi.

Njira yachiwiri ndi ya malo okhazikika. Pa matanthwe osankhidwa anakhoma zikhomo zachitsulo. Akatswiri osambira pansi pa madzi amatambasula tepi ya mamita 50 pakati pa zikhomozo, n'kumajambula zithunzi motsatira tepiyo, kwinaku anzawo akuwerenga nsomba ndi makorali ang'onoang'ono amene angomera kumene. Zithunzizo amakaziunika pa kompyuta. Zikhomozo n'zofunika kwambiri: ngati chaka chino mwayeza pamalo abwino ndipo chaka chamawa pamalo oipa, manambala anu anena za kusiyana kwa malo, osati za kusintha kwa thanzi. Kuwerenga makorali ang'onoang'ono kuli ngati kuwerenga mbande pa nazale. Thanthwe lingaoneke bwino lero, koma ngati palibe ana, likupita kokatha. Nsomba zodya ndere nazonso amaziwerenga mosamala, chifukwa ndi zimene zimapalira thanthwe kuti ana a makorali apeze pomera.

Kusuluka kukabuka, nthawi imachepa, ndipo amagwiritsa ntchito ndege. Mu 2016 gulu lotsogoleredwa ndi Pulofesa Terry Hughes wa pa James Cook University linauluka motsika pamwamba pa matanthwe 911, ndipo linapeza kuti 93 pa 100 alionse anali ndi makorali osuluka. Ena analowa m'madzi kukatsimikiza kuti zomwe zinaoneka kumwamba n'zoonadi.

Makina a m'mlengalenga a setilaiti saona korali weniweniyo, amayeza kutentha kwa madzi a pamwamba tsiku ndi tsiku. Bungwe la boma la America lotchedwa NOAA lili ndi ntchito ya Coral Reef Watch imene imawonkhetsa kutentha kowonjezera kwa milungu 12 yapitayo. Kawerengedwe kake n'kosavuta kumva. Madzi akatentha mopitirira ndi digiri imodzi kwa mlungu umodzi, ndi mfundo imodzi. Madigiri awiri kwa mlungu umodzi ndi mfundo ziwiri, chimodzimodzi digiri imodzi kwa milungu iwiri. Mfundo zikafika 4, makorali ambiri amayamba kusuluka. Zikafika 8, ambiri amafa. Kumapeto kwa 2023 madzi anatentha kwambiri m'malo ena moti bungweli linawonjezera magawo atatu atsopano pa muyeso wake wochenjeza, chifukwa wakale unachepa. Ubwino wa njirayi ndi wakuti imachenjeza zinthu zisanachitike, monga ulosi wa zanyengo umene mumamvera pa wailesi musanadzale.

Si akatswiri okha amene amayeza. Mu 2002 University of Queensland inayambitsa ntchito ya CoralWatch. Munthu wamba amapatsidwa kakhadi kapulasitiki kokhala ndi mitundu inayi, uliwonse uli ndi magawo asanu ndi limodzi kuchokera pa wotuwa kufika pa wakuda bii. Amayandikizitsa khadilo kwa korali, n'kulemba nambala ya malo otuwa kwambiri ndi ya malo akuda kwambiri, ndi kutumiza pa intaneti. Bungwe la Reef Check, lomwe linayamba mu 1996, limaphunzitsa anthu ongodzipereka m'mayiko ambiri kuyeza ndi tepi ya mamita 100 mwa njira imodzi, kuti zotsatira za ku Indonesia ziyerekezedwe ndi za ku Jamaica. Alimi otsogolera adziwa okha phindu la zimenezi: akatswiri ndi ochepa, koma anthu okhala pafupi ndi malowo amawaona tsiku lililonse.

Amayezanso madzi enieniwo. Chida chakale kwambiri ndi mbale yoyera yomangidwa ku chingwe chokhala ndi zizindikiro, imene inatchedwa dzina la Angelo Secchi wa ku Italy, yemwe anaigwiritsa ntchito mu 1865. Amaitsitsa m'madzi mpaka itasiya kuoneka, n'kuwerenga kutalika kwa chingwe. Madzi a matope amabisa mbale msanga. Kuwonjezera apo amatunga madzi m'mitsinje, makamaka ikasefukira, n'kukayeza matope, nayitrojeni, fosifolasi ndi mankhwala a m'munda omwe alimo.

Njira ina yochititsa chidwi ndi yofunsa korali mwini wake. Makorali aakulu onga chulu amakhala zaka mazana, ndipo chigoba chawo chili ndi mizere ya chaka ndi chaka ngati ya m'thunthu la mtengo. Akatswiri amaboola n'kutulutsa kachidutswa kotalika, ndi kuyeza zimene zinalowa mu mzere uliwonse. Kafukufuku wa Malcolm McCulloch ndi anzake, wofalitsidwa mu 2003, anagwiritsa ntchito korali wa pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Burdekin. Anapeza kuti cha m'ma 1870, atsamunda atangobweretsa ng'ombe ndi nkhosa m'derali, matope ofika kunyanja anachuluka kasanu mpaka kakhumi. Panthawiyo panalibe amene ankayeza, koma korali anasunga umboni.

Zimene manambala aonetsa

Mu 2012 akatswiri a AIMS anaphatikiza zotsatira za zaka 27. Gawo la matanthwe lokutidwa ndi makorali amoyo linali litatsika kuchoka pa 28 peresenti mu 1985 kufika pa 13.8 peresenti, ndiye kuti theka linapita. Pa kuwonongekaku, 48 peresenti inachitika chifukwa cha anamondwe, 42 peresenti chifukwa cha nyama ina yodya makorali, ndipo 10 peresenti yokha chifukwa cha kusuluka. Kuchokera pamenepo zinthu zinatembenuka. Kusuluka kwakukulu kunali kutachitika mu 1998 ndi 2002, koma kunabweranso mu 2016, 2017, 2020, 2022 ndi 2024. Mu 2016 mokha, pafupifupi makorali atatu pa khumi alionse a m'madzi osazama anafa.

Manambala amafunika kuwawerenga mochenjera. Mu 2022 AIMS inalengeza kuti kumpoto ndi pakati pa Great Barrier Reef makorali anachuluka kuposa nthawi ina iliyonse m'zaka 36. Ena anathamangira kunena kuti vuto latha. Koma malo okhazikika aja anaonetsa kuti ochulukawo anali makamaka anthambi a mtundu wa Acropora, okula msanga komanso oyamba kufa kukatentha kapena kukabwera namondwe. Zili ngati phiri lomwe linali ndi mibawa ndi milombwa kenako n'kudzaza ndi zitsamba: ndi lobiriwira ndithu, koma si nkhalango yomwe ija. Kusuluka kwa 2024 kutadutsa, lipoti la 2025 linaonetsa kutsika kwakukulu kwa chaka chimodzi kumpoto ndi kummwera chiyambire kaundulayu.

Padziko lonse, bungwe la Global Coral Reef Monitoring Network linanena mu 2021 kuti makorali 14 pa 100 alionse anatayika pakati pa 2009 ndi 2018. Akatswiri a zanyengo a IPCC anachenjeza mu 2018 kuti dziko likatentha ndi madigiri 1.5 kuposa kale, makorali 70 mpaka 90 pa 100 alionse adzatha, ndipo likafika madigiri awiri sipadzatsala ngakhale mmodzi pa 100.

Mlimi akulowa pati?

Madzi a mvula ogwa pa dera lalikulu masikweya kilomita oposa 420,000 amathera mu Great Barrier Reef, ndipo gawo lalikulu la derali ndi madyetsero a ng'ombe, pamene m'zigwa za kufupi ndi nyanja muli nzimbe ndi nthochi. Zinthu zitatu zimachoka m'mindamu kupita kunyanja.

Choyamba ndi dothi. Mchenga umatsalira pafupi, koma dothi losalala limayenda kutali. Limadetsa madzi, kuwala kwa dzuwa n'kuchepa, ndipo likakhazikika limakwirira makorali ndi udzu wa pansi pa nyanja. Mphepo ikaomba limavundukanso, moti kusefukira kwa mlungu umodzi kumadetsa madzi kwa miyezi. Kafukufuku anapeza kuti dothi lambiri silichokera pamwamba pa munda wonse mofanana, koma m'zigwembe ndi m'magombe a mitsinje ogumuka, makamaka m'madera a mitsinje ya Burdekin ndi Fitzroy kumene ng'ombe zinadya udzu mpaka nthaka kutsala pambalambanda. Kudziwa zimenezi kunasintha kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. M'malo momwaza thandizo paliponse, anayamba ndi zigwembe zochepa zomwe zimatulutsa dothi lambiri.

Chachiwiri ndi feteleza. Nayitrojeni amene nzimbe sinamugwiritse ntchito amasungunuka n'kupita ndi madzi. Kunyanja amadyetsa ndere, zazikulu zimene zimalanda malo a makorali ndi zazing'ono zoyandama m'madzi. Apa ndi pamene pakubwera nyama ija. Ndi nyenyezi ya m'nyanja yaminga thupi lonse, yotchedwa crown-of-thorns, yokhala ndi mikono yofika 21. Imakwera pa korali, kutulutsa chifu chake, ndi kugaya tinyama tija, n'kusiya chigoba choyera. Imodzi imatha kudya masikweya mita 10 pachaka. Yaikazi imaikira mazira mamiliyoni ambiri. Nthawi zambiri ana ake ochuluka amafa ndi njala, koma madzi akadzaza ndere zoyandama, ambiri amapulumuka, ndipo pakapita zaka zochepa zimabuka ngati dzombe. Akatswiri ambiri amaona feteleza ngati chimodzi mwa zoyambitsa, pamodzi ndi kuchepa kwa nsomba ndi nkhono zomwe zimadya nyamayi. Miliri yake inayamba cha mu 1962, 1979, 1993 ndi 2010. Pothana nayo, osambira amabaya imodziimodzi ndi jakisoni wa vinyo wosasa kapena wa ndulu ya ng'ombe.

Chachitatu ndi mankhwala ophera udzu ndi tizilombo, monga diuron, atrazine ndi imidacloprid, amene amapezeka m'madzi a mitsinje. Mankhwala ophera udzu ambiri amagwira ntchito poletsa chomera kupanga chakudya ndi dzuwa, ndipo sasiyanitsa udzu wa m'munda ndi ndere za m'thupi mwa korali.

Mu 2009 maboma a Australia ndi Queensland anayambitsa ntchito yotchedwa Paddock to Reef, kutanthauza kuchokera m'munda kukafika pa thanthwe. Amayeza pa masitepe onse: zimene mlimi akuchita, madzi otuluka m'minda yoyeserera, madzi a m'mitsinje, ndi thanzi la makorali a kufupi ndi gombe. Anadziikira zolinga zoti pofika 2025 achepetse nayitrojeni wosungunuka wochokera ku ntchito za anthu ndi 60 peresenti, ndipo dothi losalala ndi 25 peresenti. Kwa oweta ng'ombe, cholinga chinali chakuti kumapeto kwa chilimwe nthaka ya madyetsero ambiri ikhale yokutidwa ndi udzu pa magawo oposa 70 pa 100.

Zimene alimi anafunsidwa kuchita si zachilendo kwa inu. Kuyezetsa nthaka musanathire feteleza, ndi kuthira molingana ndi zomwe mbewu ingagwiritse ntchito. Kukwirira feteleza m'malo momumwaza pamwamba. Kusathira feteleza kapena kupopera mankhwala pamene mvula yamphamvu ikuyembekezeka. Kudula nzimbe osatentha, ndi kusiya zinyalala zake ziphimbire nthaka. Kudzala mbewu za mtundu wa nyemba pamene munda ukupuma. Kuchepetsa ng'ombe pa malo amodzi, kupumitsa madyetsero nthawi ya dzinja, ndi kutchinga zigwembe ndi magombe a mitsinje kuti udzu umere. Kuyambira mu Disembala 2019 zina mwa izi zinakhala lamulo, ndipo mlimi wa nzimbe amayenera kusunga kaundula wa feteleza amene wathira.

Sizinayende mosalala. Mabungwe a alimi anatsutsa lamuloli, ponena kuti mlimi akusenzetsedwa mtolo waukulu pamene chimene chikupha makorali ambiri ndi kutentha kwa dziko. Mfundo yawo ili ndi choonadi: ngakhale madzi atayera bwanji, kutentha kwa 2016 kunapha makorali kumpoto kwenikweni kumene kulibe minda yambiri. Koma n'zoonanso kuti thanthwe la m'madzi oyera limachira msanga, ndipo madzi ndi chinthu chimene anthu a m'deralo angathe kukonza okha. Liwiro nalo lakhala lochepa: pofika 2022, pa nkhani ya nayitrojeni anali atangoyandikira theka la cholinga chawo. Boma silingaisiye nkhaniyi, chifukwa kafukufuku wa 2017 anapeza kuti matanthwewa amabweretsa madola a ku Australia 6.4 biliyoni pachaka ndi ntchito za anthu 64,000.

Kuno kufupi

Ku Mozambique makorali ambiri ali kumpoto, kuzilumba za Quirimbas m'chigawo cha Cabo Delgado ndi za Primeiras ndi Segundas, komanso kummwera ku Bazaruto. Pakati, kumene mtsinje wa Zambezi umathira madzi ake, kuphatikizapo a mtsinje wa Shire, madzi ndi a matope mwachilengedwe ndipo makorali ndi osowa. Kusuluka kwa 1998 kunapha makorali ambiri ku Kenya, Tanzania ndi Seychelles, ndipo chifukwa cha zimenezo mu 1999 kunayamba bungwe la CORDIO, lomwe lili ndi ofesi ku Mombasa ndipo limathandiza mayiko a m'derali kuyeza mwa njira zofanana. Mu 2021 David Obura wa bungweli ndi anzake anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti matanthwe onse a kumadzulo kwa Indian Ocean ali pa chiopsezo chotheratu m'zaka 50, ena chifukwa cha kutentha, ena chifukwa cha kupha nsomba mopitirira muyeso.

Chimene chikukulumikizani kwambiri ndi makorali ndi nyengo. El Niño amene anabweretsa ng'amba ku Malawi mu 2016 ndi yemweyo amene anatenthetsa nyanja chaka chomwecho. Mu Malichi 2024 boma la Malawi linalengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha ng'amba, Zambia itachita kale chimodzimodzi mu Febuluwale. Pa 15 Epulo chaka chomwecho, NOAA inalengeza kuti dziko lalowa mu kusuluka kwachinayi kwa makorali kokhudza nyanja zonse, pambuyo pa kwa 1998, 2010 ndi 2014 mpaka 2017. Pofika mu 2025, malo 84 pa 100 alionse a makorali anali atakumana ndi kutentha kokwanira kuwasulutsa. Kuyeza kutentha kwa nyanja kumene kumachenjeza za makorali ndi kumenenso kumathandiza a zanyengo kukuuzani mmene dzinja likhalire.

Nyanja ya Malawi ilibe makorali, koma ili ndi matanthwe ake. Mbuna zimadya ndere zomera pa miyala, ndipo zimafuna madzi oyera. Matope ochokera m'minda kudzera m'mitsinje monga Linthipe ndi Bua akakuta miyalayo, chakudya chimachepa. Kafukufuku wa bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014 hekitala iliyonse ku Malawi inkataya pafupifupi matani 29 a dothi pachaka. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50, ndipo ndi dothi lapamwamba, lomwe muli manyowa ndi feteleza amene munagula.

Zimene mungayeze nokha

Dothi lomwelo la matani 29 likayalidwa pa hekitala yonse limangokhala lokhuthala mamilimita awiri kapena kuposa pang'ono. N'chifukwa chake ndi maso okha simungalione likuchoka. Njira za akatswiri a makorali mukhoza kuzigwiritsa ntchito pa munda wanu kapena wa kalabu, popanda ndalama.

Khomani zikhomo zachitsulo kapena za mtengo wosafumbwa mvula isanayambe, zina kumtunda, zina pakati, zina kumunsi kwa munda, pamalo pomwe khasu silifika. Lembani chizindikiro polekeza dothi. Mukakolola, yezani ndi lula mpata umene waoneka, kapena dothi limene launjikana. Musazisunthe chaka chamawa.

Mvula yamphamvu ikagwa, tungani madzi otuluka kumunsi kwa munda m'botolo loonekera mkati, ndipo musiye usiku wonse. Yezani matope okhazikika pansi. Chitani zomwezo pa munda wokhala ndi akalozera, vetiva ndi ngonyeka kapena wophimbira, ndi pa munda wopanda zimenezi, ndi mabotolo ofanana komanso pa mvula ya tsiku lomwelo. Mabotolo awiriwa ndi abwino kuwaonetsa pa tsiku la chionetsero.

Ngati pali chigwembe, khomani chikhomo mamita asanu kuchokera kumutu kwake ndipo muziyeza mpatawo kumayambiriro ndi kumapeto kwa dzinja. Amene ali ndi foni yojambula aimirire pa chikhomo chomwecho, kuyang'ana mbali yomweyo, mwezi womwewo chaka chilichonse.

Lembani zonse m'kope limodzi, pamodzi ndi tsiku, mbewu imene inali m'mundamo, ndi feteleza amene munathira. Zotsatira za chaka chimodzi zimatengera kwambiri mvula ya chakacho, choncho dikirani zaka zitatu musananene kuti njira ina yaposa inzake. Kopelo likhale ndi mlembi wa kalabu, ndipo mlangizi wa m'dera lanu aziliona akabwera kudzakuyenderani.